Polishi Wofiira wa Amama

Tsiku limene nesi anawayeza Amama kayendedwe, ine ndinaona ngati akungotitayira nthawi. Tinali titachoka ku Matero m'mamawa, titasintha basi m'tauni, titakhala pabenchi mpaka matako kuuma, ndiye wina azibwera ndi masewera? Amama anali ndi khansa ya m'bere, ndipo madokotala anali atatiuza kale kuti yafika m'mafupa a m'chiuno. Ankalandira mankhwala a diripi aja othothola tsitsi. Ine ndine mwana wawo wamkazi amene ndinkakhala nawo, ukwati wanga utatha. Ndinkagulitsa salaula, zovala zakale zobwera m'mabelo, pamsika, ndipo tsiku lililonse lopita kuchipatala linali tsiku losagulitsa kanthu.

Nesiyo anali wamfupi, wa mawu aakulu. Anakoka mpando n'kuuika pakati pa njira, anthu onse a pamzere akuona.

"Ambuya, nkhalani apa," anatero. "Manje nifuna muime, koma osagwila mpando. Muyende mpaka pachitseko paja, mutembenuke, mubwele munkhale."

Amama anayang'ana ine, osati nesiyo. "Akuti bwanji?"

"Akuti muyende."

"Nanga kuno ndabwera pa chiyani?"

Anakonza duku, anapinda manja pachifuwa, anadzigwedeza kutsogolo, anadzigwedezanso, kenako anaima. Anayenda mowongoka, khosi njo, monga ankayendera pokapereka chopereka kutchalitchi. Potembenuka pachitseko m'pamene ndinaona chimene nesiyo ankafuna. Thupi linatembenuka, koma phazi lamanzere linatsalira, ndipo dzanja lawo linayamba kufunafuna khoma. Linalipeza. Anabwerera n'kudziponya pampando, akubisa wefuwefu.

Sizinathere pomwepo. Nesiyo anawavula mapatapata, anawauza kuti atsinzine, n'kumawakhudza kunsi kwa mapazi ndi kathonje. "Mwamvela?" Amama ankati ndamva, ngakhale pamene kathonjeko kanali m'mwamba, kasanawakhudze n'komwe. Anawayeza kuthamanga kwa magazi ali chikhalire, n'kuwayezanso ataimirira. Anawafunsa ngati amamva chizungulire akadzuka, ngati maso amachita chifunga, ngati amamwa mapiritsi ena ogonetsa. Zonsezo Amama ankangoti iyayi, iyayi. Kwa iwo kuvomera vuto pamaso pa mlendo kunali kusaleredwa bwino.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Imwe ba sisi, ku nyumba kuli bwanji? Toileti ili panja? Malaiti yakayenda mumachita bwanji? Nanga pansi, pamatelela?"

Ndinaseka. Sindinafune, kuseka kunangotuluka kokha. Munthu aliyense wa mumzere wa nyumba zathu ku Matero akanaseka funso limenelo. M'nyumba ya Amama nkhuku inkalowa ndi miyendo n'kutuluka ndi msana.

Nesiyo sanaseke. Anandikokera pambali, ngakhale mawu ake aja sanali mawu obisika. Anati mankhwala a diripi awachititsa mapazi dzanzi, sakumva pamene akuponda. Anati fupa la m'chiuno ladyeka m'kati ngati mtengo wolowa chiswe, akagwa kamodzi lithyoka, ndipo likathyoka sadzaimanso. Kenako anandigwira mkono. Anati asamangokhala chifukwa choopa kugwa, aziyenda tsiku ndi tsiku, chifukwa adokotala amapereka diripi kwa munthu amene akadali ndi mphamvu zoyenda yekha. Thupi likafooka mpaka kulephera kuima, mankhwalawo amangolimaliza, ndiye amawasiya.

"Vinthu vibili chabe, ba sisi. Asagwe, koma asaleke kuyenda. Polishi uja mukachotse."

M'basi pobwerera Amama anayang'ana pawindo njira yonse. Titatsika m'pamene anati, "Mwana uja ndi waulemu, koma za nyumba sazidziwa."

Nyumbayo inali ya kanselo, Atate anailandira akugwira ntchito ku fakitale. Amama anabwera kuchokera kwathu ku Katete ali mtsikana, ndipo simenti anaiponda koyamba m'nyumba imeneyo. Mumzere wathu mkazi ankadziwika ndi khonde lake. Kaya uli ndi mipando kaya ulibe, kaya mwamuna wako amamwa, anthu ankayang'ana pansi. M'mawa uliwonse Amama ankaponda bulashi ndi phazi limodzi, manja kumbuyo, chiuno chikupotoka uku ndi uku, mpaka simenti yofiirayo inkaonetsa miyendo ya tebulo. Ife ana tinakulira kulowa m'nyumba chodumphadumpha m'mphepete mwa khoma. Ine ndinamenyedwapo ndi chikoti cha mpichesi chifukwa cha zidindo za mapazi, ndipo sikamodzi ayi. Atate atachotsedwa ntchito wailesi inagulitsidwa, kabati inagulitsidwa, pansi pankawalabe. Atate atamwalira, anthu a pamaliro asanamwazikane bwino, Amama anali atagwada kale ndi nsanza.

Zaka za matendawo zinali zoipa kwa aliyense. Kwacha inkagwa ngati ili ndi matenda akeake, belo la salaula linakwera mpaka tinkagawana limodzi anthu awiri, ndipo anthu ankabwera pabenchi langa kudzagwira malaya, kuwatembenuza, kuwabweza. Magetsi ankazima m'mawa n'kubwera anthu atagona. Polishi wa m'chitini tinali titamuiwala kalekale. Amama ankapanga wawo: zotsalira za makandulo, parafini pang'ono, ndi ufa wofiira wa ku hadiweya, zonse kusungunula m'kachitini pambaula. Makandulo nawo anakwera mtengo chifukwa aliyense ankawafuna, ndiye Amama ankapala ndi mpeni madontho a kandulo pasosala, pawindo, paliponse pamene adonthera, n'kumasunga. Denga linkadontha, chitseko chinali chomangira waya, koma zimenezo sizinkawapweteka.

Ndinachotsa polishiyo Loweruka lotsatira. Ndinawiritsa madzi, ndinatenga phulusa, mchenga ndi mwala, n'kugwada. Koma abale, polishi wa zaka zonsezo! Ankachoka m'magawomagawo, wa chaka chino, wa chaka chatha, mpaka wa nthawi ya Atate. Madzi ofiira ankatuluka pakhomo n'kutsetserekera kumsewu, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda n'kufunsa, "Ba neba, mwapaya mbuzi?" Amama anakhala pabedi, chitseko cha kuchipinda chili chotsegula, akungondiyang'ana. Pofika madzulo manja anga anali atasupuka, ndipo simenti yeniyeni inaonekera, yotuwa, ya mawangamawanga, yong'aluka m'malo amene sindinkadziwa kuti ndi yong'aluka. Ndinanyowetsa phazi n'kuyesa kuterera. Phazi linagwira.

Amama anatuluka atagwira khoma. Anayang'ana pabalaza, anayang'ana pakhonde.

"Wandivula," anatero.

Ha, ine ndi mtima wangawu! Ndinaponya mwala uja m'beseni. "Ndakuvulani? Mukufuna muthyoke chiuno chifukwa cha kuwala? Kuwalako kudzakunyamulani? Ndine ndidzakunyamulani, ine, pamene anthu oyamikirawo ali kunyumba zawo akudya!" Ndinalankhula zambiri, mzere wonse unamva. Iwo anabwerera kuchipinda.

Ndipo zinathandiza, zoona. Ndinamanga chingwe kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi, ndinataya mapatapata n'kuwapezera nsapato za kanivasi m'belo langa. Ankayenda. Kuchipinda mpaka pakhomo, pakhomo mpaka kuchimbudzi, masana mpaka pageti kukaona odutsa. Titapitanso kuchipatala anadzuka pampando paja bwinobwino, nesi uja anawaombera m'manja, ndipo diripi analandira. Chimene chinasintha n'chakuti m'nyumba simunalowenso mlendo. Aliyense wobwera kudzawaona ankamulandirira panja pamphasa, chitseko chitatsekedwa, dzuwa likuswa mtengo. Ankati m'nyumba muli utsi. Kudya ankangotola, kulankhula nane ankalankhula zofunika zokha. Ine sindinasamale, ndinkati bola akuyenda.

Kenako mvula inayamba.

Azimayi a kumpingo kwa Amama amayendera odwala Lachinayi, atavala yunifolomu yawo. Mwambo wawo ndi wakuti sabwera ndi pemphero lokha. Akafika pakhomo pa wodwala amayang'ana ntchito imene yagona, kaya zochapa, kaya madzi, kaya kusesa, ndipo amavula nsapato n'kuigwira osadikira kuuzidwa. Amene amawatsogolera ndi mkazi wa mkulu wa mpingo, mnzawo wa Amama wa kalekale, wochokera cha kwathu komwe. Lachinayi limenelo ine ndinali kumsika. Anayamba kuimba panja monga mwa masiku onse, mvula inabwera, ndipo panalibenso kuchitira mwina, chitseko chinatsegulidwa. Ba neba anandiuza pambuyo pake kuti azimayiwo atalowa, mmodzi analira. Sanapeze zochapa, sanapeze mbale zakuda. Anapeza pansi potuwa m'nyumba ya mayi amene kwa zaka zonsezo khonde lake linkawachititsa manyazi iwowo. Aliyense anathamangira kwawo mvula ikugwa kukatenga kandulo.

Ndinabwera madzulo mtolo uli pamutu. Fungo la parafini linandilandira pageti, koma mutu wanga unali pa zina. Ndinaponda pakhonde, phazi linapita lokha, ndipo ndinangopezeka ndakhala pansi, mtolo uli uko. Chitseko chinali chotsegula kwathunthu. M'katimo pansi pankawala ngakhale kunja kunali kukuda, ndipo pakati pa balaza panali Amama pampando, atavala duku latsopano, manja ali pamaondo.

"Wapweteka?" anafunsa.

Ndinadzuka n'kulunjika kunyumba kwa mkazi wa mkulu wa mpingo uja, ndikukonza mawu njira yonse, ndipo anali mawu oti akanandichotsetsa mumpingo ndikanakhala kuti ndimapita. Ndinawapeza atakhala pakhonde pawo mumdima, m'nyumba mulibe kuwala kulikonse, chifukwa kandulo yawo inali itathera mu polishi wa m'nyumba yathu. Atatambasula manja kundilandira ndinaona kuti zikhatho zawo ndi zofiira.

"Mwana wanga, usadandaule," anatero ndisanatsegule pakamwa. "Tikudziwa kuti watopa. Msika iwe, chipatala iwe, ungakwanitse zonse? Palibe amene akukunena. Tizibwera Lachinayi lililonse."

Ndinawafotokozera. Ndinayamba mwaulemu, mawu anakwera okha. Ndinanena za mapazi a dzanzi, za fupa, za nesi. Ndinati polishiyo ndinachita kuchotsa dala ndi manja angawa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Amayi ako ayenda pa polishi iwe usanabadwe," anatero. "Komanso sitinangoyamba. Tinafunsa eni nyumba, anavomera. Nyumba ija ndi ya amayi ako, mwana wanga."

Nyumbayo inalidi ya Amama. Ndinabwerera, ndinakoleza mbaula, ndinateleka mphika waukulu wa madzi, n'kuyamba kufunafuna mwala wanga uja.

"Madzi amenewo ndi a chiyani?" anafunsa Amama.

"Mukudziwa."

"Ukakhudza pansipa, mapiritsi ako sindimwanso, ndipo kuchipatala uzipita wekha."

Amama sankaopseza zabodza. Moyo wanga wonse sindinawamvepo akunena chinthu n'kusachichita.

"Nanga mukagwa?"

"Sindigwa."

"Simugwa bwanji? Ine wa miyendo yabwinobwino ndagwa pompano, mwaona nokha!"

Anagwira mpando ndi manja onse awiri, anatsika pang'onopang'ono mpaka anakhala pansi. Anakoka nsanza imene azimayi aja anasiya, anaiika kunsi kwawo, n'kuyamba kudzikankha ndi manja, miyendo ili kutsogolo. Anatsetsereka bwinobwino mpaka pachitseko cha kuchipinda, ndipo anatembenuka kundiyang'ana.

"Waona? Ndili kale pansi. Ndigwera kuti?"

Ndinaima pomwepo mwala uli m'manja, madzi akuwira. Madziwo ndinamaliza n'kuphikira tiyi.

Sindinangowasiya ayi. Ndinkawakumbutsa kuti nesi ananena zinthu ziwiri, osati chimodzi. M'mawa ndisanapite kumsika ndinkawadzutsa kuti tiyende panja, koma panja panali matope okhaokha, nsapato zinkamira, ndipo iwo ankati akuzizidwa. Ndinayala masaka m'nyumba kuti akhale njira, masakawo ankaterera kuposa simenti. Lamlungu lina masana, iwo atagona, ndinapala kanjira kakang'ono m'mphepete mwa khoma, kokwana mapazi awiri. Mawa lake pobwera kumsika ndinapeza kanjirako katapakidwa, kakuwala mofanana ndi ponse. Chimbudzi anachisiya, tinkagwiritsa ntchito ndowa. Ndinaimbira mchimwene wanga ku Kitwe, amenenso ntchito ya kumgodi inali itamuthera, ndipo anangoti, "Basiyeni bachite vamene bafuna, ni bakulu." Iye kumeneko kunena kunali kosavuta.

Nsanza ija inkapukuta paliponse pamene adutsa, ndiye pansi pankawala kuposa kale lonse. Chitseko chinkakhala chotsegula kuyambira m'mawa. Anthu anayambanso kulowa, ankavula nsapato pakhonde, ankati, "Mayo ine, odwala koma nyumba yotere!" Amama ankaseka, ankatumiza ba neba kukagula masikono, ankamaliza phala lonse. Zimenezi ndiyenera kuzinena: miyezi imene ankayenda ndi miyendo pa simenti yotuwa sindinawamve akuseka, koma masabata amene ankayenda ndi manja ankaseka tsiku lililonse. Azimayi aja ankabwera Lachinayi monga analonjezera, akuimba, akupaka. Ine ndinkawapatsa moni.

Nthawi yomweyo diripi yotsatira inaimitsidwa. Anatiuza kuti mankhwala sanafike m'dziko, tidikire foni. Ndiye panalibe wowakhazika pampando paja, panalibe wowayang'ana mapazi. Ndinali ine ndekha amene ndinkaona, powasambitsa. Akatumba anafewa, kenako anatha, khungu linkangolendewera pafupa. Maondo anaoneka aakulu. Ndinkati, "Amama, miyendo ikutha iyi, tiyeni muimeko pang'ono." Iwo ankati mawa. Poyamba ndinkakalipa, kenako ndinkangonena, kenako ndinasiya kunena. Ndinkadzuka, kutaya ndowa, kupita kumsika, kuitana makasitomala, kubwera, kuphika, kuwasambitsa, kugona. Mnzanga wogawana naye belo akafunsa kuti amayi ali bwanji ndinkati alipo. Sindinkamva chisoni, sindinkamva mkwiyo, sindinkamva chilichonse. Tsiku lina ndinadzicheka ndi lezala pomasula belo, ndipo ndinazindikira kasitomala atandilozera magazi pa malaya.

Foni inabwera mvula isanathe. Anati mankhwala afika, tibwere mawa.

M'mawa mwake ndinawasambitsa, ndinawadzoza mafuta, ndinawaveka diresi labwino, chitenje ndi nsapato za kanivasi zija, zimene zinali zitakhala pansi pa bedi kuchokera pamene anasiya kuyenda. Ndinawakokera pakhonde.

"Ndiimike," anatero.

Ndinawagwira m'khwapa n'kuwakweza. Nditayamba kumasula manja, maondo anapinda. Tinayesanso. Anagwira chingwe chija cha kuchimbudzi, anakukuta mano, thukuta linatuluka pamphumi, maondo anapindanso. Tinayang'anana.

Basi imaima kumsewu waukulu, ndipo kanjira kathu kanali matope oti galimoto singalowe. Ba neba anabwera ndi wilibala atayalamo bulangeti.

"Sindine thumba la makala ine," anatero Amama.

Ndinanjuta, anandikumbatira khosi, ba neba anatimangira chitenje. Ndinadzuka ndi mphamvu zonse poganiza kuti alemera, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa chamtsogolo, chifukwa analibe kulemera. Tinadutsa mumzere wathu, azimayi amene anali panja anayang'ana kumbali mwaulemu. Kondakitala wa basi, anthu aja pakamwa pawo sipauma, sananene nthabwala iliyonse. Anatsitsa munthu wa kutsogolo n'kuti, "Ba mayo, nkhalani apa."

Kuchipatala ndinawaberekanso kuchokera pageti. Titafika pakhomo lolowera kunjira ija ya mabenchi, anandimenya paphewa.

"Nditsitse."

"Ndikutsitseni kuti? Simuima."

"Nditsitse, iwe. Akandiona ndili pamsana sandipatsa mankhwala. Unamva wekha."

Kodi anamva? Tsiku lija nesi anandikokera pambali, iwo anali pampando akuvala mapatapata, ndipo anamva zonse.

"Uime kumbuyo kwanga," anapitiriza, akunong'ona. "Undimange chitenje m'chiuno, mfundo ikhale kumsana. Ugwire mfundoyo, unyamule. Ine ndiziponya mapazi. Dzanja linalo ulisiye lionekere."

Ndinachita zimenezo. Ndinawatsamiza pakhoma, ndinamanga chitenje molimba, ndinalowetsa dzanja pamfundo, ndinafinya. Tinalowa. Kutsogolo kunali mayi wachikulire wovala bwino, khosi njo, akupatsa moni anthu a pabenchi, muli bwanji, muli bwanji. Kumbuyo kunali ine, ndikukankha ndi bondo. Mapazi ankayesa kuwaponya, koma sankachoka pansi, nsapato zinkangokhwekhwereza, shwa, shwa, phazi lamanzere litapendekera m'kati. Anthu a pabenchi ankayankha moniyo akuyang'ana kumapazi.

Nesi uja anatuluka pachitseko china atanyamula mabotolo. Anaima. Anayang'ana nsapato, anayang'ana mkono wanga umene unalowa kumsana kwawo, anandiyang'ana kumaso. Anaika mabotolo pawindo, analowa m'chipinda, n'kutuluka akukankha mpando wa matayala.

"Ambuya, nkhalani apa."

"Ndikuyenda ndekha, mwanangu."

"Naona, ambuya. Nkhalani."

Amama anapendeketsa mutu kwa ine. "Ndisiye, aone."

Sindinawasiye.

"Ndati ndisiye, iwe!"

Ndinafinya mfundoyo mpaka zala zinachita dzanzi. Ndinkadziwa fupa limene lili kunsi kwa chitenjecho, ndinkaonanso kuuma kwa pansi pamene tinaima. Moyo wanga wonse ndinkawayankha, ndinkawakalipira, koma zimene alamula ndinkachita. Tsiku limenelo sindinachite. Nesiyo anazungulira, anakankhira mpando kumbuyo kwa maondo awo, ndipo ine ndinawatsitsa pang'onopang'ono mpaka anakhala. Pomasula dzanja zala zinakana kutambasuka.

Adokotala anali mnyamata wofatsa wa magalasi. Anawagoneka pabedi, anawauza kuti akankhe dzanja lawo ndi phazi, kenako ndi phazi linalo. Anafunsa kuti anasiya liti kuyenda, ndipo ndinayankha kuti mvula itangoyamba. Anakhala pansi n'kulankhula nthawi yaitali, mwaulemu. Anati thupi lafooka kwambiri, diripi tsopano ingawapweteke kuposa kuwathandiza. Anati atipatsa mankhwala amadzi oletsa kuwawa, ndipo akatha tizikatenga ku kiliniki ya kufupi ndi kwathu. Anatiphunzitsa kuwatembenuza pogona kuti asachite zilonda. Ine ndinkamva mawu onse, lililonse palokha, ngati akunena za mayi wa munthu wina. Ndinkayang'ana botolo la diripi limene linali pawindo, lodzaza, ndikuganiza kuti apatsa ndani.

Amama anamvetsera manja ali pachifuwa. Adokotala atamaliza, anafunsa ndi mawu awo a pamaso pa alendo:

"Ndiye tibwerenso liti, adokotala?"

Adokotala anayang'ana nesi. Nesiyo ananjuta patsogolo pawo, anawamanga chingwe cha nsapato chimene chinamasuka, ndipo mawu ake aakulu aja anatsika.

"Mukamvela kuwawa maningi, ambuya, mubwele. Nthawi iliyonse."

Amama anagwedeza mutu. "Zikomo, ana anga. Mwagwira ntchito."

Mpando wa matayala unali wa chipatala, sunkatuluka pakhomo lalikulu. Nesiyo anatikankha mpaka pamenepo, anandipatsa botolo la mankhwala, ndinaliika m'chikwama. Kunja kunali kukuwaza. Ndinanjuta, Amama anandikumbatira khosi, nesiyo anatimangira chitenje n'kubwerera m'kati ndi mpando wake. Nditaponda sitepe yoyamba ndinamva pakamwa pawo pafupi ndi khutu langa.

"Uziyenda bwino iwe, ungandigwetse."

Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pokwerera basi.